CIPATALA COPANDA MADOTOLO NDI NYUMBA CABE
Mau kwa anchito a m'makomboni a Chipata

Abale ndi alongo a ku Kapata, ku Mchini ndi ku Nabvutika, nkhani yathu lero ndi imodzi: madotolo.

M'masiku a Citaganya, kucokera 1953 kufikira 1963, zipatala za boma zinali pawiri, za Azungu ndi za anthu akuda. Dziko lathu linalibe sukulu ya udotolo. Mwana wofuna nchito imeneyi anali kupita kunja, monga ku Makerere ku Uganda. Kuno kum'mawa makolo athu ambiri anadalira mamishoni, monga Mwami ndi St Francis ku Katete. Titalandira ufulu mu 1964, sukulu ya madotolo inatsegulidwa ku University of Zambia mu 1966, ndipo oyamba anatsiriza mu 1973.

Kodi nambala ya madotolo iri ndi kanthu kwa munthu wogwira nchito m'garaja kapena wogulitsa pa msika? Iri nako ndithu. Tamverani.

Dotolo wa m'cipatala ali ndi nchito zinai. M'mawa ayendera odwala ogonekedwa. Pambuyo pace aona amene ali pa mzere panja. Acita opaleshoni. Usiku adzutsidwa pakabwera wobvulala pa mseu. Madotolo akakhala okwanira, agawana nchitozi. Akacepa, zonse zigwera munthu mmodzi, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Zotsatira zace nzodziwika. Mzere utalika, ndipo wanchito ataya tsiku lathunthu pamodzi ndi malipiro ace. Dotolo wothamanga safunsa mokwanira, tsono nthenda yobisika imphonya, wodwala nabweranso atafooka. Wogonekedwa amene anayenera kutuluka Laciwiri akhala kufikira Lacisanu poyembekeza womuona, wina nasowa bedi. Coposa zonse ndi mai amene mwana wamkanika kubadwa. Iyeyu sangayembekeze kuce. Ngati wodziwa opaleshoni ali mmodzi yekha, ndipo ali kale ndi wodwala wina, miyoyo iwiri iri pangozi.

Kumbukirani kuti Chipata Central Hospital si ya ife a m'tauni tokha ai. Imalandira odwala otumizidwa kucokera ku Lundazi, ku Chadiza, ku Mambwe ndi kwina. Nthenda ikasowa katswiri wace pano, ulendo ndi wa ku Lusaka, makilomita oposa 500. Ndani alipira basi ndi cakudya ca womdikira? Ndi ife.

Tiwalemekeza anamwino ndi ma clinical officer ophunzira ku Chainama, pakuti asenza katundu wolemera m'zipatala zathu. Koma iwonso afuna dotolo wamkulu pafupi, wowathandiza nthenda ikakula.

Tsono imvani codabwitsa. Kale bvuto linali kusowa ana ophunzira. Koma mu 2021 bungwe la Resident Doctors Association of Zambia linacepetsa nchito pofuna kuti boma lilembe madotolo 500 amene anali khale ndi masetifiketi m'manja. Dotolo ku nyumba, wodwala pa mzere! Mu 2022 boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000. Tinayamikira. Koma kulemba kwa caka cimodzi sikutha nkhani, cifukwa anthu acuruka caka ndi caka, ndipo madotolo ena apuma, ena apita kunja.

Cifukwa cace tinena zitatu. Coyamba, wotsiriza maphunziro a udotolo alembedwe msanga. Caciwiri, kum'mawa kulandire gawo lace, asaunjikane onse ku Lusaka ndi ku Migodi. Cacitatu, wotumizidwa ku Vubwi kapena ku Chadiza apeze nyumba, zipangizo ndi mankhwala, kuti akhazikike.

Phungu kapena khansala akabwera kudzaonetsa nyumba yatsopano ya odwala, ombani m'manja. Mukatero mfunseni: muli madotolo angati, ndipo usiku mugona ndani? Msonkho tipereka ndife. Yankho tiyenera kulimva.