BP, Sitiroko ndi Kuiwalaiwala: Tisadikire Kuti Wina Agwe

Awa ndi mawu amene a komiti yathu ya zaumoyo analankhula pa msonkhano wa mamembala ku Johannesburg. Tawalemba onse kuti amene anali ku ntchito tsikulo awerenge nawo.

 Tikudziwa kuti kwa ambiri a inu Lamlungu ndilo tsiku lokhalo lopuma, ndipo ena mwachokera ku ntchito ya usiku osagona, ndiye sitikusungani nthawi yaitali.

Bungwe lathuli limadziwika kwambiri pa nkhani ya maliro. Mnzathu akatisiya timasonkha, timapeza bokosi ndi galimoto, thupi n'kupita kumudzi kudzera pa Beitbridge. Zimenezo n'zabwino ndipo tipitirize. Koma lero tikambe za zimene tingachite munthu akadali moyo. Tikambirana za matenda awiri a ubongo: sitiroko, imene ena amati kufa ziwalo, ndi matenda oiwalaiwala amene achipatala amati dementia. Pooneka ndi osiyana. Sitiroko imagwetsa munthu m'mphindi zochepa, pomwe dementia imam'dya pang'onopang'ono kwa zaka. Koma nthawi zambiri muzu wake umakhala umodzi, ndiwo kuonongeka kwa mitsempha yopititsa magazi ku ubongo. Ndipo chimene chimaononga mitsemphayi kuposa china chilichonse ndi kuthamanga kwa magazi, BP.

Zimene zimachitika m'mutu

Ubongo sukwana n'komwe makilogalamu awiri, koma umagwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweya wonse umene thupi limagwiritsa ntchito. Ubongo ulibe nkhokwe, umadalira magazi amene akufika nthawi yomweyo. Muli mapulambala muno, ndiye mumva msanga. Paipi ikhoza kutsekeka, ikhozanso kuphulika. Sitiroko ilinso mitundu iwiri yomweyo. Mtsempha umatsekeka ndi magazi oundana, kapena umaphulika magazi n'kukhuthukira mu ubongo. Mbali imene yasowa magazi imayamba kufa nthawi yomweyo. Dokotala wina wa ku America, Jeffrey Saver, anawerengera mu 2006 kuti pa sitiroko yaikulu munthu amataya maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni pa mphindi iliyonse imene sanalandire thandizo.

Palinso kuonongeka kwina kosamveka. BP ikakhala yokwera kwa zaka, timitsempha ting'onoting'ono ta mkati mwa ubongo timauma n'kumatsekeka kamodzikamodzi. Munthu sagwa, samva ululu, akupita ku ntchito bwinobwino. Patapita zaka khumi kapena makumi awiri ndi pamene abale amayamba kudabwa kuti bambo akuchedwa kuganiza, akulephera kuwerengera ndalama, akuyenda modzikoka. N'chifukwa chake tikuti zimene tikuchita ndi thupi lathu tili ndi zaka 40 ndi zimene tidzakolole tili ndi zaka 65, tili kumudzi, m'nyumba ija tikumanga panoyi.

BP siimba ng'oma

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. BP ndi choncho. Anthu ambiri amati, “Ine BP yanga ikakwera ndimadziwa, mutu umandipweteka.” Ayi ndithu. Ambiri amene ali ndi BP samva chilichonse, ndipo ena chizindikiro chawo choyamba chimakhala sitiroko yeniyeniyo. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo ku Malawi unachita mothandizidwa ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Kafukufuku winanso wotchedwa INTERSTROKE, wa m'maiko 32, anasonyeza mu 2016 kuti zinthu khumi zimene munthu angathe kuzisintha ndi zimene zimayambitsa masitiroko 9 mwa 10 alionse, ndipo BP ndiyo inali patsogolo.

Njira yodziwira ndi imodzi basi, kuyezetsa. Ku kiliniki amayeza, ndipo mafamase ambiri amayezanso pa mtengo wochepa. Mudzapatsidwa manambala awiri. Akamafika 140 pamwamba kapena 90 pansi, ndipo zikabwerezeka tsiku linanso, ndiye kuti BP yakwera. Lembani manambalawo m'kabuku pamodzi ndi deti lake.

Akakupatsani mankhwala, dziwani kuti sali ngati a malungo oti masiku atatu mwathana nazo. Awa ndi omwa tsiku ndi tsiku, ndipo kwa ambiri ndi a moyo wonse. BP ikatsika ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, si kuti mwachira. Vuto timaliona kwambiri mu December. Munthu apita kumudzi, mankhwala amuthera pa Khirisimasi, n'kuti ndikatenganso ku Joni mu January. Chonde, musananyamuke auzeni anesi kuti muli pa ulendo, tengani okwanira, ndipo lembani dzina la mankhwalawo papepala kuti akathe kukupatsani ofanana nawo kulikonse.

Moyo wathu wa kunowu

Mu 2024 gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya Lancet, lotsogozedwa ndi Pulofesa Gill Livingston wa ku London, linatchula zinthu 14 zimene zimaonjezera chiopsezo cha dementia. Iwo anati zitachotsedwa zimenezi, pa anthu 100 alionse odwala matendawa, pafupifupi 45 akanatha kuwapewa kapena kuwachedwetsa. Mukaziona zinthuzo, zambiri zikunena za moyo wathu womwewu.

Choyamba mchere, poti ndiwo umakweza BP. A WHO amati pa tsiku tisapitirire magalamu 5, kutanthauza kasupuni ka tiyi kamodzi, kuphatikizapo mchere wobisika mu buledi, poloni, makyubu a supu, tchipisi ndi usipa wouma umene amatitumizira pa basi uja. Kuyambira 2016 lamulo la South Africa linaika malire a mchere mu buledi ndi zakudya zina za m'sitolo, koma lamulolo sililowa m'poto mwanu. Mukathira kyubu musathirenso mchere, ndipo botolo la mchere lichoke patebulo.

Kenako fodya, mowa wambiri wa pa mapeto a mwezi, kunenepa kwambiri, shuga, mafuta ochuluka m'magazi ndi kukhala pansi tsiku lonse, monga amachitira madalaivala ndi alonda. Zonsezi zimaononga mitsempha. Shuga ndi mafuta a m'magazi nazonso amayeza ku kiliniki, ndiye pemphani.

Pali ziwiri zimene ambiri sitiziganizira. China ndi kugontha. Munthu wosamva bwino amayamba kupewa anzake, ubongo wake n'kumasowa zochita. Agogo athu ena amene anabwera ku migodi pa Wenela anabwerera kumudzi makutu atatha ndi phokoso la makina. Inu a m'mafakitale, ogwira galainda ndi oswa konkire, valani zotseka m'makutu. China ndi kuvulala m'mutu. Inu omanga, ndi inu anyamata operekera zakudya pa njinga zamoto, chipewa cholimba chija muzimanga lamba wake. Maso a ng'ala osachizidwa nawonso ali pa mndandanda womwewo, pamodzi ndi kukhala wekhawekha komanso matenda a nkhawa. Munthu ali m'kachipinda yekha, banja lili kutali, ngongole zili pakhosi, salankhula ndi aliyense sabata yathunthu. Tiziyenderana, abale. Kucheza nakonso kumateteza ubongo.

Titchulenso za HIV. Kafukufuku amene anachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anapeza kuti BP ndi HIV ndizo zinali patsogolo poyambitsa sitiroko, ndipo mwa achinyamata HIV ndiyo inali yaikulu. Chiopsezo chinali chachikulu kwa amene chitetezo chawo chinali chitatsika kwambiri. Phunziro lake ndi lakuti tiziyezetsa msanga, kuyamba ma ARV thupi lisanafooke, ndi kusadukiza.

Munthu akagwa, tichite chiyani?

Sungani mawu anayi awa: nkhope, mkono, mawu, nthawi. Muuzeni amwetulire, muone ngati kamwa yapotokera mbali imodzi. Muuzeni akweze mikono yonse, muone ngati umodzi ukugwa. Muuzeni anene dzina la mudzi wa kwawo, mumve ngati lilime likulemera kapena akulankhula zosamveka. Mukaona chimodzi chokha mwa zimenezi, yang'anani nthawi ndipo imbani 112 pa foni ya m'manja, kapena 10177 ya ambulansi. Zizindikiro zina ndi kusaona mwadzidzidzi, kudzandira, ndi mutu woopsa wobwera nthawi imodzi.

Tikuti yang'anani nthawi chifukwa mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka chiyambireni zizindikiro. Dokotala adzafunsa kuti munthuyu munamuona komaliza ali bwino nthawi yanji. Podikira ambulansi m'gonekeni chammbali. Musam'patse madzi, phala kapena mankhwala alionse, chifukwa akhoza kutsamwa. Ngakhale asipilini ayi, pakuti ngati mtsempha waphulika, asipilini aonjezera kutaya magazi. Chodziwira mtundu wa sitiroko ndi makina ounikira m'mutu, monga a CT, ku chipatala basi.

Musayambe mwaimbira kumudzi kuti akaombeze. Musamuike pa basi kuti akadwalire kwawo, masiku awiri kapena atatu a pamsewu ndi ochuluka kwambiri kwa ubongo. Kupemphera pempherani, koma muli m'njira ya ku chipatala.

Tikudziwa chimene chimatigwira miyendo: mapepala. Tikudziwanso kuti m'zaka zapitazi magulu ena akhala akutsekereza anthu obwera pa zipata za makiliniki. Mantha amenewo si opeka. Koma gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa limati munthu aliyense asakanizidwe thandizo la chipatala la mwadzidzidzi. Silikuti nzika zokha, likuti aliyense. Sitiroko ndi matenda a mwadzidzidzi. Pitani awiri kapena atatu, ndipo wina akhale wodziwa bwino Chingerezi kapena Chizulu. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Nthawi zina mkono umafooka kapena lilime limalemera kwa mphindi khumi, kenako zonse n'kubwerera mwakale. Munthu amati kanali katopa chabe, n'kubwerera ku ntchito. Limenelo ndi chenjezo, ndipo sitiroko yaikulu imakonda kutsatira m'masiku oyambirira omwewo. Pitani ku chipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso mukamamva mtima ukugunda modumphadumpha, kayezetseni. Pali matenda ena a kagundidwe ka mtima amene amachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu, ndipo mankhwala ake alipo. Amene wapulumuka sitiroko asasiye mafizo ndi mankhwala, chifukwa sitiroko ikabwereza chiopsezo cha dementia chimakwera kwambiri.

Kuiwala kwa ukalamba ndi kuiwala kwa matenda

Tonse timaiwala. Kuiwala pamene mwaika makiyi si matenda. Koma munthu akamafunsa funso lomwelo kasanu pa ola limodzi, akasochera pa njira ya ku chigayo imene wayenda zaka makumi anayi, akamalephera kuphika nsima imene wakhala akuphika chiyambire utsikana wake, akamasowa mawu a zinthu wamba, akasintha khalidwe n'kumanena kuti adzukulu akumubera, pamenepo tikayikire matenda. A WHO amati anthu oposa 55 miliyoni pa dziko lonse ali ndi dementia, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ali m'maiko osalemera. Ambiri amakhala ndi mtundu wa Alzheimer, ena mtundu wobwera ndi kuonongeka kwa mitsempha uja, ena mitundu yonse iwiri. Amayi ena muno mumasamala mabwana okalamba a matenda amenewa, ndipo mumawadziwa bwino. Si matenda a azungu okha. Kwathu aliko, kungoti timawatchula maina ena.

Dzina loopsa kwambiri ndi lakuti ufiti. Gogo wa dementia amatha kudzuka usiku, n'kutuluka asanavale, m'mawa n'kupezeka pakhomo pa eni kapena ku manda asakudziwa kuti wafika bwanji. Anthu amati wagwa pa ndege ya ufiti. Akam'panikiza ndi mafunso amangovomera zilizonse, poti mutu sukugwira. Kunena okalamba kuti ndi afiti kwaphetsa anthu kwathu. Mukukumbukira za ku Neno mu January 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la ku Malawi la 1911 linaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma mchitidwewu sunathe.

Ife amene timatumiza ndalama mawu athu amamveka kumudzi. Akakuimbirani kuti amayi ayamba zachilendo, nenani kuti apite nawo ku chipatala cha boma, ndipo tumizani ya thiransipoti. Zina zoiwalitsa zimachizika, monga kuchepa kwa vitamini B12, matenda a chithokomiro, chindoko chakale, nkhawa, kapena matenda a m'chikhodzodzo amene amasokoneza mutu wa nkhalamba mwadzidzidzi. Ikakhala dementia yeniyeni, mankhwala ochiziratu palibe, koma kusamala kulipo. Asatsutsane nawo, asawakalipire, asawasiye okha pa moto, auze amfumu ndi oyandikana nawo kuti gogo akudwala kuti akasochera azim'bweza mwaulemu. Ndipo mlongo wanu amene akusamala amayiyo mum'kumbukire, chifukwa ntchito imeneyo ndi ya usana ndi usiku.

Pempho lathu

Tikupempha zinthu zitatu. Aliyense wa zaka 30 kupita m'tsogolo ayezetse BP mwezi uno usanathe, ndipo pa msonkhano wotsatira abwere ndi manambala ake. Aliyense aphunzitse amene amagona nawo nyumba imodzi mawu anayi aja, nkhope, mkono, mawu, nthawi, pakuti tsiku limene mudzagwe ndi iwo amene adzaimbe foni. Ndipo sabata ino poimba kumudzi, mukatha kufunsa za feteleza ndi malata, funsaninso kuti bambo ndi mayi anayezetsa liti BP.

A wapampando, ife tathera pamenepa. Amene ali ndi mafunso afunse, ndipo amene akufuna kulankhula nafe paokha atipeze tikatseka ndi pemphero.