Chojambula Chinene Zoona Zonse



Lero tikambirane za zojambula zoonetsa ziwerengero, monga matchati amene timapachika pamisonkhano.

Mu 1854 kolera inapha anthu oposa 600 m'dera la Soho ku London. Dokotala wina, John Snow, anajambula mapu a deralo ndi kuika kamzere ka munthu aliyense womwalira pomwe panali nyumba yake. Timizereto tinaunjikana pafupi ndi mjigo wa mumsewu wa Broad Street. Mapuwo analoza madzi a pamjigopo.

Ambiri pofotokoza nkhaniyi amati chogwirira cha mjigowo chitachotsedwa pa 8 September, mliri unathera pomwepo. Koma Snow analemba yekha kuti imfa zinali zitayamba kale kuchepa, popeza anthu ambiri anali atathawa m'deralo. Sanabise mfundoyi pofuna kukometsa nkhani yake.

Choncho tikaonetsedwa chojambula, kaya cha matenda kaya cha nsomba zogwidwa, tiyeni tifunse: ziwerengerozi zikuyambira chaka chiti? Asiyapo chiyani? Nafenso polemba tisamachotse miyezi yosatikomera, chifukwa malamulo a padoko timawamanga poyang'ana zomwezi.