Mbedza zambiri zimathera kunyumba

 Mwandipatsa mpata woti ndilankhulepo za usodzi. Ine ndasankha kachinthu kakang'ono kamene sitikonda kukambirana, ndiko kasungidwe ka mbedza ndi nyambo kuyambira pamene tatuluka m'madzi mpaka tsiku lodzapitanso.

Ambiri mwa ife timawedza. Ena amapita ku nyanja ya Amaramba, ija yolumikizana ndi Chiuta, ena mu Lugenda amene amatuluka m'nyanja yomweyo, ena m'timitsinje ndi m'maiwe a pafupi ndi kwathu. Tikakumana padoko, nkhani imakhala ya mlamba umene unadula chingwe, kapena mbedza imene inakola pachitsa. Koma taganizirani mbedza zonse zimene mwataya chaka chino. Ndikhulupirira kuti zotsalira m'madzi n'zochepa. Zambiri zinathera kunyumba, m'chitini, patsindwi, kuseri kwa chitseko, zitadyedwa ndi dzimbiri.

Mbedza sitisula tokha. Zimachokera kutali, zina pa sitima ya ku Nampula, zina ku Mangochi kudzera pa Chiponde, ndipo iliyonse timaigula ndi metikali yathu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu watchera khuleya wa mbedza 100, koma mbedza 20 zabuntha ndi dzimbiri. Nsomba idya nyambo pa mbedza zimenezo n'kupita, ina ikoledwa koma mbedza n'kuthyoka pokoka. Ndiye kuti pa magawo asanu a ntchito ya usiku wonse, gawo limodzi walitaya asanakwere n'komwe m'bwato. Ndiwo imeneyo ikanakhala ya ana, kapena ndalama ya sopo ndi makope.

Mutu wa nkhani yanga ndi umodzi basi: nyambo isagone pa mbedza. Kaya ndi nyongolotsi, kaya ndi kachule, kaya ndi kachidutswa ka sopo kamene ena amakolera mlamba, kaya ndi nyambo ya pulasitiki, ichotseni musanasunge. Mbedza zambiri n'zachitsulo chokutidwa ndi kautoto kopyapyala. Pamene nyambo yagwira pamakhala chinyezi chosauma msanga, ndipo dzimbiri limayambira pomwepo: kunsonga, pa kamunga koyang'ana m'mbuyo kaja, ndi pokhota. Malo atatu amenewa ndiwo amagwira nsomba.

Tsopano ndifotokozeko za nyambo za pulasitiki, pakuti achinyamata ena ayamba kubwera nazo kuchokera ku Joni ndi m'matauni. N'zofewa, zina ngati nyongolotsi, zina ngati kansomba ka mchira wopindika. Amazivala pa mbedza ya mutu wa mtovu, ndipo mukamakoka m'madzi mchirawo umagwedera ngati chinthu chamoyo. Nyongolotsi ya pulasitiki yoyamba kutchuka anaipanga ndi Nick Creme ku Ohio, dziko la America, m'chaka cha 1949. Kumeneko anthu akhala nazo zaka zoposa 70 ndipo makhalidwe ake anawadziwa. Ife amene tikuziona kumene tisachite kuyamba taononga kuti tiphunzire.

Zambiri mwa nyambozi amapangira pulasitiki ya PVC, mtundu womwe uja wa mapaipi a madzi, koma amaisakaniza ndi mafuta oifewetsa. Opanga ambiri amathiramonso mchere kuti nyambo izilemerako ndiponso nsomba isailavule msanga. Nanga mchere umatani? Amayi mukudziwa zimene umachita m'khitchini nthawi ya dzinja: umayitana chinyezi. Mukasiya nyambo yotere pa mbedza, kunja imaoneka youma bwinobwino, koma m'kati mchere ndi madzi zikudya chitsulo. Tsiku lochotsa mupeza mzere wofiira pamene mbedza inadutsa, ndipo mbedzayo yafooka kale.

Mafuta ofewetsa aja nawonso ali ndi vuto lake. Amatuluka pang'onopang'ono, ndipo amasungunula pulasitiki ina youma yoonekera m'kati, ngati ija ya mabokosi a makaseti. Nyambo imamatirira, bokosi n'kuonongeka. Akakhudzana ndi nyambo youma yopaka utoto, utotowo umafewa n'kumanata. Malo abwino koposa ndi kajumbo kamene nyamboyo inabweramo. Ngati munataya, funani kabokosi kamene pansi pake pali nambala 5 kapena zilembo PP. Timabokosi tambiri ta majarini n'totero. Botolo lagalasi lotsuka bwino nalonso limathandiza.

Chinanso, musasakanize mitundu. Yofiira ikagona ndi yoyera, zonse zimasanduka mtundu wosadziwika. Palinso nyambo za pulasitiki ya mtundu wina, zotanuka kwambiri ngati legeni. Zimenezi zikakhudzana ndi za PVC zimasungunukirana n'kukhala phala. Choncho mtundu uliwonse m'kajumbo kakekake. Muzigoneke mowongoka, chifukwa mchira ukagona wopindika umauma choncho ndipo sugwederanso bwino. Ngati wapindika kale, uviikeni m'madzi otentha kanthawi kochepa, muuwongole, kenaka muugoneke pathabwa mpaka uzizire. Kutentha nakonso kumaziononga. Mu Okutobala ndi Novembala pansi pa malata pamatentha ngati mu uvuni, ndiye musapachike thumba la nyambo kudenga. Liikeni pamthunzi, pozizira.

Mwina wina anena kuti, ine ndikupitanso mawa m'mamawa, ndichotserenji? Achimwene, ngati ndi usiku umodzi, tsukani ndi madzi oyera n'kupachika poyera kuti ziume, osazitsekera m'chitini zili zonyowa. Koma mawa la msodzi timalidziwa. Kugwa maliro, kubwera mvula yobzalira, mawa lija n'kukhala mwezi. Mvula ikayamba ambiri timasiya bwato n'kulowa kumunda, ndipo miyezi imeneyo ndi imene chinyezi chimachuluka m'nyumba. Nthawi yomwe zida zikukhala osagwira ntchito ndi yomwenso dzimbiri likulimbika.

Ndiye tikafika kunyumba tichite chiyani? Choyamba, chotsani nyambo yonse. Chachiwiri, tsukani mbedza ndi madzi oyera kuti matope, magazi ndi mamina a nsomba zichoke. Chachitatu, pukutani ndi kansanza n'kuziyanika pamphepo mpaka ziumiretu. Chachinayi, yesani nsonga pa chikhadabo cha chala chachikulu. Ikamakanda n'kugwira, ili bwino. Ikamaterereka, inoleni pa kamwala kosalala kapena ndi katupa. Imene dzimbiri lalowerera pokhota musaimvere chisoni, ichotseni, ndipo musaisunge pamodzi ndi zabwino. Chachisanu, ngati zikhala nthawi yaitali, zipakeni timafuta tophikira pang'ono ndi kansalu. Oyilo wa njinga yamoto, dizilo ndi palafini ayi, fungo lake limakakamira ndipo timaipitsa nazo madzi.

Posunga, mbedza zosamanga pachingwe zitungeni pa pini wamkulu wa thewera, kukula kulikonse pini wakewake. Za khuleya ndi chomanga zibayeni mondondozana pa chidutswa chouma cha patapata wakutha kapena pa chiwale, kuti zisakolane. M'chitini ponyanimo timapaketi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi m'mabotolo ena a mankhwala. Ntchito yake n'kuyamwa chinyezi. Tisamatitaye, koma tisatisiyenso pamene ana angatitole.

Chingwe cha nayiloni chimaopa dzuwa. Chikakhala padzuwa masiku ambiri chimafooka ngakhale chikuoneka chabwino. Chiyanikeni pamthunzi, muchikulunge pa kathabwa kotakata. Musanapite kumadzi, yendetsani zala pa mkono umodzi wa kufupi ndi mbedza. Pakakhala pokhakhala, dulani mumangenso. Pamenepo ndi pamene mlamba umapekesa ndi timano take, ndipo ndi pamene chingwe chimadukira.

Nyongolotsi zotsala musataye. Ziikeni m'chitini choboola timabowo, muli dothi lonyowa pang'ono ndi masamba owola, pamthunzi. Zikhala masiku angapo. Dothi lisachite chithaphwi, zingafe.

Amayi, nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri, chifukwa zida zimenezi zimagona m'nyumba mwanu. Mbedza yosiyidwa ndi nyambo imanunkhira. Nkhuku, bakha, mphaka kapena galu akamva fungo amameza zonse pamodzi. Nyambo za pulasitiki n'zokongola ngati maswiti, ndipo mwana wokwawa akaziona amathamangira kuika kukamwa, pamene m'kati muli mbedza. Mtovu wa kumutu kwa mbedza ndi poizoni, makamaka kwa ana aang'ono, umaononga ubongo pang'onopang'ono. Ana asamaseweretse, ndipo abambo tisiye chizolowezi chofinya mtovu ndi mano. Chitini cha mbedza chikhale ndi chivundikiro, pamalo amene mwana sangafikepo.

Munthu akabayidwa ndi mbedza mpaka kamunga kaja kalowa, musazule mokakamiza, mung'amba mnofu. Dulani chingwe, tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Bala lolowa m'kati ndi limene kafumbata amakonda. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo mbedza yogona pansi imatinyamula. Achipatala ndi amene aone ngati pakufunika katemera.

Nanga nyambo ya pulasitiki ikang'ambika? Musaiponye m'madzi. Siwola ngati nyongolotsi. Imatupa ikakhalitsa m'madzi, ndipo nsomba ikaimeza singathe kuigaya. Chimodzimodzi zidutswa za nayiloni, zimakola mbalame ndi nsomba zaka zambiri. Musaitenthenso pamoto wophikira, utsi wa PVC ndi woipa m'chifuwa. Bwerani nazo kumtunda, muzikwirire m'dzenje la zinyalala pamodzi ndi mbedza zakutha, mutazitsekera m'kachitini kuti zisadzabaye wolima. Amaramba ndi Lugenda tinazipeza zili ndi makumba, matemba ndi milamba, ndipo adzukulu athu akuyembekezera nsomba zomwezo.

Pomaliza, ndili ndi pempho kwa makalabu. Mukakumana sabata ino, aliyense wowedza abwere ndi chitini chake, mukhuthule pamphasa, muwerenge zabwino ndi zadzimbiri. Akuluakulu amene akhala pamadzi zaka zambiri aonetse achinyamata mmene amasungira khuleya wawo, achinyamata nawo aonetse nyambo zatsopanozi. Zimene mwapeza mulembe, mutumize kuwailesi kuti anzathu a midzi ina amve. Mukafotokozerenso anansi athu olankhula Chiyao ndi Chimakhuwa, pakuti madzi timawedza ndi amodzi. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, choncho mukanene monga mwamvera: nyambo ichoke pa mbedza, mbedza itsukidwe, iume, isungidwe pamthunzi patali ndi ana.