Mtengo wa Tende ndi Mafumu a Kummwera kwa Persia

Yakwananso nthawi ya nkhani za chilengedwe, ndipo lero tikamba za mtengo umene ambiri a inu chipatso chake munachilawapo, koma mtengowo ndi ochepa amene anauona ndi maso. Ndikunena tende, kachipatso kofiirira, konata m'zala, kotsekemera zedi, kamene abale athu achisilamu amayamba kudya dzuwa likalowa pomasula kusala m'mwezi wa Ramadhan. Mtengo wake ndi pachibale ndi kanjedza wathu womera m'mbali mwa mitsinje, yemwe masamba ake Akhristu amanyamula pa Lamulungu la Kanjedza. Akatswiri a zomera amawaika pamodzi: wathuyu amamutcha Phoenix reclinata, winayo Phoenix dactylifera. Kanjedza wathu timangomusiya kutchire ndi tizipatso take ta mnofu wochepa, pamene mnzakeyo anthu akhala akumulima kwa zaka zoposa 5,000.

Kuti tiuone bwino mtengowu, tiyeni tipite kummwera chakumadzulo kwa dziko la Iran, limene kale azungu ankalitcha Persia. Chakufupi ndi kumeneko, mitsinje ya Tigris ndi Euphrates ikakumana pa Qurna, m'dziko la Iraq, imasanduka mtsinje umodzi waukulu wotchedwa Shatt al-Arab, ndipo mtsinje wa Karun wochokera m'mapiri a Persia umathira momwemo pa tauni imene lero ndi Khorramshahr, koma kale inali Mohammerah. Kumatentha kodetsa nkhawa, nthawi zina mpaka madigiri 50, ndipo mvula ndi yosowa. Zonsezi mtengo wa tende umakondwera nazo. Umafuna dzuwa lowotcha kumutu ndi madzi osatha kumizu, ndipo mvula ikagwa zipatso zikupsa, zimang'aluka n'kuwola.

Nanga madziwo ankachokera kuti? Apa mpamene pali nzeru yogometsa. Nyanja yamchere imafufuma ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Ikafufuma imatsekereza madzi a mumtsinje, madziwo n'kubwerera m'mbuyo, n'kukwera. Alimi anakumba ngalande zambirimbiri kuchokera mumtsinje kulowa m'minda, choncho nyanja ikakwera madzi abwino ankadzilowera okha pakati pa mitengo, ikaphwa n'kutuluka okha. Popanda injini, popanda kutunga.

Koma musaganize kuti ndi ulimi wa manja lende. Mtengo wa tende uli ngati papaya: ulipo wamwamuna, ulipo wamkazi, ndipo wobereka ndi wamkazi yekha. Mlimi safuna kutaya malo ndi mitengo yosabereka, ndiye amasunga wamwamuna mmodzi pa yaikazi ngati 50, ntchito yofalitsa mungu n'kuigwira yekha ndi manja. Maluwa akatuluka, cha mu Malichi, bamboyo amakwera mtengo wamwamuna ndi kudula chikwama cha maluwa chisanang'ambike bwino. Amatenga timitsitsi tiwiri kapena titatu ta maluwawo, kenaka n'kukwera wamkazi. Amakwera wopanda nsapato, lamba wachingwe atamuzunguliza kumsana ndi kuthunthu, mapazi akuponda pa zitsa za masamba akale. Akafika kumutu, pakati pa minga yaitali yobaya, amalowetsa timitsitsi tija chozondoka pakati pa maluwa aakazi, n'kumanga pang'ono kuti mphepo isachotse. Amatsika, n'kupita pa mtengo wina. Maluwa satuluka tsiku limodzi, choncho mtengo womwewo adzaukweranso, ndipo mitengo ina imatalika mamita oposa 20.

Pali zinthu ziwiri za mtengowu zimene ndikupempha kuti muzisunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Choyamba, ndi mtengo wochedwa. Alimi sadzala nthanga, chifukwa nthanga ikhoza kutulutsa wamwamuna kapena wa zipatso zachabe. Amadula mphukira zomera patsinde la mtengo wabwino n'kuziwokera. Mphukirayo imatenga zaka zinayi mpaka zisanu ndi zitatu kuti iyambe kubereka, ndi zina zingapo kuti ifike pachimake. Ikafikapo, mtengo umodzi umapereka makilogalamu 70 kapena kuposa chaka chilichonse, kwa mibadwo iwiri kapena itatu ya anthu. Chachiwiri, mtengowu umakulira pamalo amodzi okha, pansonga. Ulibe nthambi. Mukadula mutu, thunthu lija silidzaphukanso masamba.

Munthu amene chuma chake ndi mitengo yotere sangasamuke nayo, sangaibise, ndipo ikaonongeka sangaibwezeretse msanga. Maufumu aakulu ankazidziwa zimenezi pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayamba mu 1914.

Nthawi imeneyo Persia inali ndi mfumu yachinyamata, Ahmad Shah, ndi boma lofooka ku Tehran. Mu 1907 Britain ndi Russia anali atagawana kale dzikolo papepala, Russia kumpoto, Britain kummwera chakummawa, eni dziko osafunsidwa. Mu Novembala 1914 boma la Persia linalengeza kuti silili mbali iliyonse pa nkhondoyo, koma palibe anasamala. Asilikali a Russia, a Turkey ndi a Britain anaponda m'dzikomo, ndipo akazembe awo, pamodzi ndi a Germany, anayamba kukambirana mwachindunji ndi mafumu a m'madera, kulambalala boma.

Mfumu yamphamvu koposa kummwera inali Sheikh Khazal wa ku Mohammerah, amene analowa ufumu mu 1897. Britain inkamufuna chifukwa cha mafuta. Mafutawo anapezeka ku Masjed Soleyman mu 1908, ndipo paipi yoposa makilomita 200 inadutsa m'dziko la Khazal kukafika pa chilumba cha Abadan, pamene anamanga fakitale yoyengera mafuta. Malowo anabwereketsa ndi Khazal mu 1909, iye n'kulandira ngongole ya mapaundi 10,000. Pofika mu 1914 boma la Britain linali litagula magawo 51 pa 100 aliwonse a kampani yokumba mafutawo ya Anglo-Persian Oil Company, chifukwa sitima zake zankhondo zinali kusiya malasha n'kuyamba kuyendera mafuta.

Ndiye mfumu yolemera chonchi mungaikope ndi chiyani? Khazal anali ndi minda ikuluikulu ya tende, ina kutsidya la mtsinje, m'dziko lolamulidwa ndi Turkey. Mnzake Sheikh Mubarak wa ku Kuwait analinso ndi minda komweko. Mu Novembala 1914, mwezi umene asilikali a Britain ochokera ku India anatsika pa Fao ndi kulanda Basra, akuluakulu a Britain analembera mafumu awiriwa makalata. Anawalonjeza kuti akathandiza pa nkhondoyo, minda yawo ya tende idzakhalabe yawo ndi ya zidzukulu zawo, ndipo sidzalipira msonkho. Kwa Khazal, mmodzi wa akuluakuluwo, Sir Percy Cox, anawonjezera lonjezo loti Britain idzamuchirikiza ngati boma la Tehran lidzafuna kumulanda ulamuliro kapena katundu wake. Khazal anavomera. Anthu ake ena sanagwirizane nazo: anamvera kuitana kwa Turkey koti Asilamu amenye nkhondo, ndipo mu Febuluwale 1915 anaboola paipi ija kufupi ndi Ahvaz, mafuta n'kuima kwa miyezi ingapo. Koma mfumuyo sinasunthe.

Tsopano titsike m'mbali mwa nyanja kufika ku Bushehr ndi dera la Tangistan, kumenenso anthu ankadalira tende, nsomba ndi buledi tsiku ndi tsiku. Kumeneko kunafika Mjeremani wotchedwa Wilhelm Wassmuss, yemwe kale anali kazembe ku Bushehr ndipo ankalankhula Chipereziya. Anayenda mudzi ndi mudzi, kulonjeza ndalama ndi mfuti zimene nthawi zambiri sizinkafika. Tisanamizane kuti anthu a ku Tangistan anadzutsidwa ndi mlendo. Anali ndi madandaulo awo akale, chifukwa sitima za Britain zinali zitaukira kale midzi yawo mu 1913. Mtsogoleri wawo wotchuka anali Rais Ali wa ku Delvar, mudzi wa m'mbali mwa nyanja kummwera kwa Bushehr. Mu Julayi 1915 ankhondo ake anamenyana ndi asilikali a Britain pafupi ndi Bushehr, n'kupha akuluakulu awiri a asilikaliwo. Mu Ogasiti, Britain inalanda Bushehr, mzinda wa dziko limene linati silili pa nkhondo, kenaka inatumiza sitima zankhondo ku Delvar.

Asilikali atatsika anagumula linga ndi nyumba. Anatenganso nkhwangwa n'kulowa m'minda ya tende ndi kuyamba kugwetsa mitengo, mu Ogasiti, mwezi umene mikoko imakhala italendewera, kukolola kuli pafupi. Omvera, apa mtima wanga umawawa. Nyumba yadothi mukhoza kuimanganso m'chilimwe chimodzi. Koma wodula mtengo wa tende amadziwa kuti akulanga ana amene sanagwirepo mfuti, akuwalanda chakudya cha zaka khumi. Anasankha mitengoyo dala, pa chifukwa chomwecho chimene anasankhira minda ya Khazal polonjeza. Kwa mfumu yomvera, mitengo yako tidzaiteteza. Kwa mfumu yokana, mitengo yako tidzaigwetsa. Rais Ali anaphedwa kumayambiriro kwa Seputembala chaka chomwecho, ndipo lero ku Iran amamukumbukira ngati ngwazi, nyumba yake ku Delvar inasanduka yosungiramo zakale.

Nanga Khazal, amene anamvera uja, zinamuthera bwanji? Nkhondo itatha, ku Tehran kunadzuka msilikali wamphamvu, Reza Khan, yemwe sankafuna mafumu odziimira paokha. Britain inaona kuti mafuta ake adzatetezeka bwino ndi boma lolimba kusiyana ndi mfumu ya m'dera. Mu 1924 asilikali a Reza Khan analowa m'dziko la Khazal, Britain n'kumulangiza kuti agonje. Mu Epulo 1925 anamugwira ali m'boti lake pamtsinje, n'kupita naye ku Tehran, kumene anakhala mosungidwa mpaka imfa yake mu 1936. Minda ya kutsidya ija inapezeka ili m'dziko latsopano la Iraq, limene litalandira ufulu mu 1932 silinafune kumangidwa ndi lonjezo la alendo, ndipo mkangano wa msonkho wa minda imeneyi unakoka zaka zambiri.

Mitengoyo inapirira zonsezi. M'zaka za m'ma 1970, m'mbali mwa Shatt al-Arab munali mitengo ya tende yokwana 17 miliyoni kapena kuposa, nkhalango yaikulu koposa ya mtengowu pa dziko lonse. Kenaka kunabwera nkhondo ya Iran ndi Iraq kuyambira 1980 mpaka 1988, imene inamenyedwa m'minda momwemo, mabomba akudula mitu ya mitengo. Pofika 2002, bungwe la United Nations loona zachilengedwe linapeza kuti mitengo yoposa 14 miliyoni inali itafa. Imene inapulumuka ikulimbana ndi mdani wina. Madamu omangidwa kumtunda kwa mitsinje achepetsa madzi, ndiye nyanja ikafufuma masiku ano imakankhira madzi amchere m'ngalande zija, mphukira zimene alimi akuwokera n'kumauma zisanabereke.