Ulendo wa ku Joni pa galimoto: sankhani njira poyang'ana dzuwa

Nyanja yathu ya Chilwa itaphwa mu 2018, anyamata ena a ku Kachulu ndi ku Mchenga anasiya maukonde n'kulowera ku Joni. Lero ena mwa inu muli ndi malaisensi, ndipo mawa lino wina akutumani kukatenga kapena kukasiya galimoto ku Johannesburg, mtunda wa makilomita opitirira 1,700. Funso ndi lakuti, mudzera kuti kuti mukafike amoyo?

Njira zodziwika zilipo zitatu. Yaifupi ndi ya ku Tete: Zomba, Blantyre, boda ya Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Changara, boda ya Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge, kenako msewu wa N1 kudzera ku Musina ndi Polokwane. Yachiwiri ndi yozungulira: Mchinji, Chipata, Lusaka, Livingstone, mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021, n'kutsika ndi Botswana kudzera ku Nata ndi Francistown. Imadya mafuta ambiri, koma imakupulumutsani ku mizere ya pa Beitbridge. Yachitatu ndi yotsika ndi Mozambique yense mpaka Maputo.

Ya Maputo ija musaiyambe musanafunse. Mu 2013 ndi mu 2016, magalimoto ankayenda mogwirizana, asilikali kutsogolo, pakati pa Muxúnguè ndi mtsinje wa Save chifukwa cha kuwomberana kwa Renamo ndi boma. Mtendere unasainidwa mu 2019, koma zisankho za October 2024 zitatha, zionetsero zinatseka misewu ngakhale boda ya Ressano Garcia. Choncho msewu umene unali bwino chaka chatha mwina lero suli bwino. Google Maps imakuonetsani njira basi. Amene amadziwa za dzulo ndi madalaivala a mathiraki ndi a mabasi a ku Joni amene amanyamukira ku Blantyre. Apatseni moni, afunseni.

Tsono mfundo yanga yaikulu nayi: njira yabwino ndi imene mwaidula m'zigawo zoti chilichonse chithe dzuwa lisanalowe. Musanalize injini, dziwiranitu kumene mukagone. Pa njira ya ku Tete, tsiku loyamba gonani ku Tete, lachiwiri ku Harare, lachitatu ku Beitbridge, pakuti kuchoka ku Harare kukafika kumeneko ndi makilomita pafupifupi 580. Lachinayi wolokani Limpopo mbandakucha, mukwere mapiri a ku Louis Trichardt kukuwala. Pa mapiri amenewa ndi pamene basi inagubuduzika mu October 2025, n'kupha anthu oposa 40, Amalawi ndi a ku Zimbabwe. Boda ya Beitbridge imagwira ntchito usana ndi usiku, koma zimenezo sizikutanthauza kuti nanunso muyende usiku. Kum'mwera kwa Masvingo ng'ombe ndi abulu zimayenda mumsewu, ndipo pakati pa Kazungula ndi Nata mumakumana ndi njovu. Tulo natonso ndi chilombo.

Mapepala akhale m'chikwama chimodzi: pasipoti, laisensi, blue book, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimoto si yakuba, ndi kalata ya mwini wake ngati si yanu. Inshuwalansi ya COMESA, ija amati Yellow Card, imagwira ku Zimbabwe ndi ku Zambia, koma Mozambique si membala wa COMESA, ndiye konzekerani kugula ina pa boda. Tengani matrayango awiri, jekete lonyezimira, tayala la sipeya, jeke ndi madzi akumwa. Chabwino n'chakuti mayiko onsewa amayenda kumanzere ngati kwathu kuno.

Chinanso, musanyamule munthu wopanda mapepala kapena katundu amene simunamutsegule, ngakhale akulonjezeni marandi angati. Mu March 2020, anthu 64 a ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena ya thiraki m'chigawo cha Tete, akuchokera kuno ku Malawi. Ndende ya kunja ilibe wokubweretserani nsima.

Musananyamuke, tsitsani mapu mufoni muli ku Zomba kumene netiweki ndi yabwino, ndipo lembani ndondomeko ya masiku anayi aja pa gulu lathu la WhatsApp. Madzulo aliwonse mukafika pogona, tumizani uthenga. Tsiku limene mwakhala chete, tidziwa poyambira kufunsa. Ngati pali mafunso tiyeni tikambirane.