Za Kuphunzitsa Garu Kuingitsa Nkhosa

Mau olankhulidwa pa Phwezi, m'cigwa ca Henga.

Tidziwa tonse kuti dzinja likafika ana acepa m'sukulu, pakuti ali kubusa m'mbali mwa Rukuru, kuletsa zoweta zingalowe m'cimanga ndi m'fodya wa eni. Nkhosa zowerengeka zitsekereza anyamata atatu kuthengo tsiku lonse. Koma ku Scotland, kwao kwa Dr Robert Laws amene anayamba kumanga pa Khondowe m'caka ca 1894, mbusa mmodzi ndi garu wace akusa nkhosa mazana paphiri. Ndipo si cinthu cacilendo ai. Ngakhale pa Yobu 30:1 achulidwa agaru a pankhosa.

Tisanyengane: agaru athu ambiri ndiwo osaka ndi olonda fisi, ndipo sadzaphunzira onse. Garu wochuka, Old Hemp, wobadwa mu 1893 kwa Adam Telfer ku Northumberland, kholo la agaru ambiri a mtundu wa Border Collie, anagwira nchito yace cete, nalamulira nkhosa ndi maso okha. Cifukwa cace tisankhe kagaru koyang'anitsitsa nkhosa mwakacetecete, tileke kouwauwa ndi kolumaluma.

Poyamba kaphunzire mau awiri, kudza poitanidwa ndi kugona pansi. Kakayandikira caka cathunthu, tikalowetse mumpanda ndi nkhosa zofatsa zinai kapena zisanu, kanthawi pang'ono tsiku ndi tsiku.

Pamenepo tidzaona mtima wa garu. Mwa cibadwidwe cace afuna kuzungulira kuseri kwa nkhosa ndi kubwera nazo kwa mbuye wace, ndipo ici sacedwa kucidziwa. Cobvuta ndico kuziingitsa zimuke kutali, mbuye natsala m'mbuyo, pakuti kwa garu kuli ngati kutaya cimene anagwira. Ambiri alephera pano, natukwana garu kuti ngwopusa, pamene wafulumira ndi munthu. Timange cingwe cacitali pakhosi pace, tiyende naye pambuyo pa nkhosa motsata mpanda. Akafuna kuthamangira kutsogolo, timgonetse pansi, tiyambenso. Mawa titsalire mapazi awiri, mkuja asanu, kufikira ayenda yekha ndi kumvera likhweru lathu. Nchito iyi idya miyezi, ndipo ndodo iiononga. Garu wokwapulidwa ayang'ana dzanja la mbuye, naiwala nkhosa.

Likhweru likhale limodzimodzi kwa onse a pabanja. Atate akaimba mwina, mwana mwina, garu angoima pakati wothedwa nzeru. Adye nsima yace ya gaga asanagone, alandire katemera wa ciwewe caka ndi caka. Ndipo nkhosa yoyamwitsa isalowe m'mpandamo miyezi yoyamba, pakuti ikamgunda kamodzi kokha, adzaopa nkhosa zonse masabata ambiri.