Mawu a mlendo wolemekezeka pa msonkhano wa matenda a mafupa, pa Boma la Mulanje



Kuno ku Mulanje timadyera manja: kutchola tiyi ku Lujeri, kupalira chinanazi, kusinja, kupalasa kabaza pa Limbuli. Koma dzanja likayamba kupweteka timangoti ndi nyamakazi ya ukalamba, n'kutema mphini.

Polumikizira dzanja ndi mkono pali timafupa 8, tondanda m'mizere iwiri. Munthu akagwa n'kutsamira chikhatho, kamodzi kamene kali chakumunsi kwa chala chachikulu kamatha kuthyoka mwakachetechete. Iye amati wangobinya. Kafupako kakapanda kulumikizana, mfundo yonse imaperepeseka pang'onopang'ono, ndipo zaka zikapita ngakhale khasu silidzutsika. Chikhalirecho, chikhakha cha masabata angapo chikanatha kuteteza zonsezi.

Zikafika poipa, opaleshoni ilipo, koma madokotala sayambira pa mpeni ayi. Amayamba ndi mankhwala, chomangira, mafizo, nthawi zina jekeseni. Zikakanika, njira ina n'kuchotsa timafupa titatu ta mzere woyamba. Dzanja limapindikabe, ngakhale mphamvu yofumbata imacheperako. Njira ina n'kulumikiza mafupawo ndi kachitsulo kuti akhale amodzi. Ululu umachepa kwambiri, dzanja limalimba, zala zimagwira ntchito, koma pamfundopo sipadzapindikanso. Anthu amachita nayo mantha njira imeneyi, komatu kwa wogwira ntchito yolemetsa nthawi zambiri ndiyo imam'bwezera kumunda. N'chifukwa chake, amayi ndi abambo, mukalowa kwa dokotala muzinena ntchito imene mumagwira. Mphunzitsi ndi wocheka matabwa sangasankhe mofanana.

Za dzanzi la zala lodzutsa usiku n'zina. Kawirikawiri ndi mtsempha wopanikizika, ndipo opaleshoni yake ndi yaifupi.

Maopaleshoni akuluakuluwa amafuna akatswiri, monga a ku chipatala cha Queens ku Blantyre kapena cha LION ku Lilongwe. Koma khomo lake lili konkuno, pachipatala cha boma ndi ku Mulanje Mission, kumene angakuyezeni, kukujambulani ndi kukulemberani kalata. Inu mabwana a m'maesiteti, wantchito akagwa muzimupatsa mpata akajambulitse sabata yomweyo, osadikira kuti nyengo yotchola ithe. Mafumu, uthengawu mukaunene pamisonkhano ya m'midzi.

Ndi mawu amenewa, ndatsegulira msonkhano uno.